Bambo Athu Anapita Kutsidya

Mchimwene wanga anasiyapo zinthu zambiri pamoyo wake, ndipo nthawi iliyonse akasiya, ife abale ake tinkapha nkhuku. Ine ndine woyamba kubadwa, iye ndi mzime, ndipo ndimamuposa ndi zaka zambiri ndithu. Kwathu ndi kumudzi wina kufupi ndi Nselema, koma ine ndimakhala ku Balaka kumene ndimaphunzitsa sukulu ya pulayimale.

Anayamba ndi kachasu ndevu zisanamere bwino. Sankamwa ngati anzake aja omwera kuseka, kuvina ndi kunamiza atsikana pamsika. Iye ankamwa ali chete, ataimirira, ngati munthu womeza mankhwala owawa. Akagwa ankagwera pomwepo: m'ngalande, kuseri kwa chigayo, tsiku lina pakati penipeni pa msewu mpaka lole ya chimanga inachita kumulambalala. Sankatukwana munthu, sankamenya munthu, sankaba. Akadzuka ankapepesa aliyense, ngakhale amene sanawalakwire, kenaka n'kubwereranso komweko. Amayi ankati vuto ndi mowa. Ine ndinkati ndi mowa. Mudzi wonse unkati ndi mowa, ndipo tinkapezako kamtendere podziwa dzina la mdani wathu. Anakwatira ali momwemo, mkazi wofatsa wa kwa Kawinga wogulitsa tomato pamsika, ndipo mlamu wangayo anaphunzira msanga ngalande zimene mwamuna wake amapezekamo.

Amayi atamwalira anangosiya. Palibe anamupempherera, palibe anamuthirira mankhwala m'phala. Anadzuka m'mawa wina n'kunena kuti basi, ndipo inakhaladi basi. Tinapha nkhuku, ine ndinachita kukwera minibasi kuchokera ku Balaka kudzadya nawo.

Kenaka kunabwera mapemphero. Analowa kagulu kena kokwera kuphiri kukapemphera, ndipo ndisaname, ndinanyadira. Ndinkauza aphunzitsi anzanga kuti mchimwene wanga uja tsopano ndi munthu wa Mulungu, amene muli ndi zidakwa kwanu musataye mtima. Koma anzake akasala kudya tsiku limodzi, iye ankapitiriza. Iwo akamasula ndi phala, iye ankakana ngakhale madzi. Anatsika naye m'phirimo pa machila a mitengo ndi chitenje, milomo itang'ambika, maso atalowa m'kati. Mtsogoleri wa gululo analira pamaso panga. "Amayi, ife tinamuchonderera kuti amasule," anatero. "Anatiuza kuti Mulungu sanakhutirebe naye." Kuchipatala anamuika madiripi, ndipo namwino wina wachitsikana anandikokera pambali n'kundifunsa motsitsa mawu ngati munthuyu sakufuna kudzipha. Ndinamuzazira mwana wa eni ake mpaka odwala ena anadzuka kuti aone kwagwanji. Munthu wopemphera adziphe bwanji?

Atachira anasiya zokwera mapiri. Tinaphanso nkhuku.

Wamalonda wina wa pa Nselema anamupatsa njinga yamoto kuti aziyendetsa kabaza, ndipo apa tonse tinapuma. Inali ntchito, komanso ntchito yofuna munthu wosaledzera ndi wodya bwino. Anali woyendetsa wabwino, aliyense ankatero. Azimayi oyembekezera ndi a makanda ankadutsa anyamata onse pasiteji kufunafuna iyeyo, chifukwa akanyamula munthu ankayenda ngati wanyamula mazira. Vuto linali pobwerera. Akangotsitsa kasitomala n'kutsala yekha, ankaikoka njinga ija mpaka kulira kwake kumveka mudzi wachitatu. Mbuzi za m'njira ya ku Chiuta zinkathawa zisanamuone. Anagwa koyamba, anthu anati ndi mchenga. Anagwanso, anati ndi galu. Anzake pasiteji ankamutama kuti ndi dolo, ndipo iye ankangomwetulira.

Mlamu wanga anandiimbira foni Lachisanu lina masana, ndipo inandipeza ndikumanga katundu. Ndinali kusamukanso. Ku Balaka anyamata a ngolo zonyamula katundu amandidziwa, amandipatsa moni wa pachibale. Nyumba iliyonse ndimaipezera chifukwa: iyi madzi ali kutali, iyo eni ake ndi olongolola, inayo fumbi limalowera pansi pa chitseko. Makatoni ena sindimasula n'komwe, amangoyenda nane ali omanga. Ulendo umenewo chifukwa chake chinali tambala wa aneba, amene ankalira nthawi imene wafuna.

"Alamu," anatero mlamu wanga, mawu ali ouma ngati a munthu amene walira kale n'kumaliza, "bwerani mudzalankhule ndi achimwene anu. Agwanso. Ine ndatopa kumangoyang'ana kumsewu kudikira munthu wobwera ndi uthenga. Tsiku lina adzabwera atawafunditsa chitenje. Ana awa ndidzawauza chiyani?"

Ndinasiya makatoni pakati pa nyumba, Loweruka m'mawa n'kukwera minibasi. Kuchoka ku Balaka kufika ku Liwonde si patali, koma tsiku limenelo mpando unkandiwotcha. Ndinakangana ndi kondakitala pa nkhani ya zenera. Pa Liwonde ndinatsika minibasi imene inkachedwa kudzaza n'kukwera ina, imene inanyamuka mochedwa kuposa yoyambayo. Mtima unali m'mwamba. Ndinkakonza mawu okamukalipira, koma aliwonse amene ndawapeza ndinkakumbuka kuti ndinawagwiritsa kale ntchito, ena pa mowa, ena pa phiri. Titadutsa Ntaja ndinayamba kuganiza chinthu chimene sindinkachifuna: kuti mwina mchimwene wanga sanasiyepo kalikonse. Chinthu chake chinali chimodzi, chimangosintha malaya, ife n'kumaphera nkhuku malaya ovulawo. Koma chinthucho n'chiyani, sindinkadziwa, ndipo kusadziwako kunandikwiyitsa kuposa kondakitala.

Ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, mwendo atautambasula pampando, khungu la mkono litasupuka kuyambira pachigongono mpaka padzanja. Ankatokosa chilondacho ndi chala, kuchotsa nkhanambo imene inali itangoyamba kuuma. Njinga inali itatsamira khoma, galasi limodzi litathyoka. Ana ake awiri anali pakhonde akusenda nandolo ndi mayi awo, akutiyang'ana mwakabisira.

"Achemwali, mwabwera? Akuitanani eti? Kagwedwe kake n'kakang'ono aka, anthu amangokulitsa nkhani."

"Siya chilondacho."

Anasiya, kenaka dzanja linabwereranso lokha.

Ndinayamba. Ndikakwiya ndimalankhula ngati ndili m'kalasi, ndikudziwa, ndipo iye amadana nazo. Ndinamukumbutsa za ngalande, za machila, za madiripi. Ndinamufunsa chifukwa chimene amasamalira mwendo wa kasitomala kuposa khosi lake. Iye ankangoti eya, eya, maso ali ku njinga. Mawu atandithera ndinaloza pakhonde paja.

"Ukufuna ana awa akule opanda bambo ngati mmene tinakulira ife?"

Apa mpamene anandiyang'ana.

"Iyayi achemwali, musandifanizire ndi munthu ameneyo. Ine ana anga sindingawathawe. Ngozi ndi ngozi, munthu akafa pangozi sanathawe aliyense. Koma kunyamuka ndi miyendo yako n'kusiya ana, zimenezo ine ayi."

"Ukunena ndani?"

"Ababa, nanga ndani?"

"Ababa anathawa ndani?"

Anaseka kaseko koipa. "Inu munali kusukulu. Ine ndinalipo."

Bambo athu anali msodzi. Ankakhala nafe nthawi yolima ndi yobzala, koma mbewu zikangomera ankakwera njinga yakapalasa kupita ku nyanja ya Chiuta, kumene ankatha masabata ali padoko. Nyanja imeneyo ili m'malire. Mbali inayo ndi Mozambiki, koma kwathu palibe amavutika kutchula dzina la dzikolo, timangoti kutsidya. Bambo ankawolokerako kukagulitsa nsomba, n'kubwera ndi shuga, mabisiketi ndi zitenje za amayi. Anali ndi mtima wapachala, ndipo akakangana ndi amayi mawu awo anali amodzimodzi: "Ndipita kutsidya ine, mudzandifuna." Ife akuluakulu tinkadziwa kuti n'zongolankhula, chifukwa akatero ankangozungulira nyumba n'kudzakhalanso pansi kudya.

Chaka chimene anamwalira ine ndinali ku sekondale ku Balaka, ndikukhala kwa amalume. Amalumewo anali munthu wosadziwa kuzungulira nkhani. Anandiitana ndikungochokera kusukulu, nati, "Bambo ako amwalira ndi kolera kudoko. Aikidwa kale komweko, azaumoyo sanalole kuti thupi lipite kumudzi. Usavutike n'kupita, kulibe maliro." Ndinamva, ndinalowa m'nyumba, ndinatsuka mbale. Pamene ndinkafika kumudzi patchuthi nkhani ya bambo inali itatsekedwa kale, amayi sankafuna kuti itchulidwe. Sizinandifikepo m'mutu kuti mwana wamng'ono uja, amene anali asanayambe ndi sukulu yomwe, anamva zosiyana ndi zimene ndinamva ine.

Pansi pa mango paja anandiuza zake, chala chili pachilonda.

"Tsiku limene ankanyamuka, ine ndinali nditadula chubu cha njinga yawo. Chatsopano, anachipachika pamsomali. Ndinkafuna mphira wa legeni. Atachipeza anakwiya zoopsa. Sanandimenye, bola akanandimenya. Anangoti, mwana iwe udzandithamangitsa pakhomo pano, ndipita kutsidya ine, mudzandifuna. Anakabwereka china kwa aneba n'kunyamuka osandiyang'ana. Patapita masabata kunabwera anthu awiri achilendo, amayi analira m'nyumba, ine anandipititsa kwa aneba. Bokosi sindinalione. Anthu sanasonkhane, nyimbo sizinaimbidwe, palibe chimene chimachitika pamaliro chinachitika. Nditabwerako ndinawafunsa amayi kuti ababa ali kuti. Anati, apita kutsidya mwana wanga, sabweranso."

Amayi anali munthu wa kutchalitchi, woimba kwaya ya azimayi, ndipo kutchalitchi kwathu imfa amaitchula choncho: kuwoloka, kupita kutsidya. Munthu wamkulu aliyense akanamva chimene ankatanthauza. Koma iwo ankauza mwana amene kutsidya ankakudziwa bwino lomwe kuti ndi kumene kumachokera mabisiketi.

"Koma iwe," ndinatero, "zaka zonsezi anthu akuti malemu bambo ako, malemu bambo ako, sunkamva?"

"Ndinkamva. Ndikudziwa kuti anafa. Anafera komweko, kwa mkazi wawo winayo, patapita zaka."

"Mkazi uti? Anakuuza ndani za mkazi?"

Anafunafuna m'mutu. Palibe anamuuza. Mkaziyo anamupanga yekha ali mwana, pamodzi ndi ana ake omvera osadula machubu, ndipo anakula naye mpaka kuiwala kuti ndi wopanga.

"Nanga amayi sankanena okha?" anatero, mawu akukwera. "Chitisiyireni bambo anu, chitisiyireni bambo anu. Tsiku ndi tsiku. Anatisiya. Inunso mumatero."

Ndimaterodi. Tonse timatero. Kwathu munthu safa: amatisiya, amapita, amatsogola, amagona. Mawu amodzi aja timawaopa ngati akatchulidwa aluma munthu, ndipo tsiku limenelo ndinakwiya ndi chilankhulo changa chomwe. Ndinakwiyira amayi ali m'manda. Ndinakwiyira kwaya yawo. Ndinakwiyira amalume amene anandiuza ine zoona osakumbuka kuti kumudzi kuli mwana wina. Ndinaimirira, ndinakhala, ndinaimiriranso. Kenaka ndinamuuza mosazungulira, monga anandiuzira amalume: bambo anamwalira ndi kolera, padoko, mbali ino ya nyanja, paulendo womwewo umene anachoka pakhomo.

Sanakhulupirire. "Mukungofuna kundinyengerera kuti ndisiye njinga."

"Ine kukunyengerera iwe? Ndinayamba liti?"

"Nanga manda ali kuti? Munawaonapo inu?"

Ndinali ndisanawaonepo. Ndipo iye, poona kuti wandigwira, sanandisiye.

"Mumabwera kuno ndi ulaliki, achemwali, ngati inu muli bwino. Ku Balaka mwakhala nyumba zingati? Bambo aja a zaulimi ankakufunani, munthu wabwinobwino, anabwera mpaka kuno kudzationa, munawasiyiranji? Anakulakwirani chiyani? Inu mumathawa munthu asanakuthaweni. Ine bola ndimagwera pamalo amodzi, inu kukhala pansi kwenikweniko simukudziwa."

Ndinafuna kumugenda ndi nsapato. Munthu akakunamizira umangoseka, koma izi zinandiwawa mpaka m'mano. Ine ndinauzidwa zoona, inde, koma zoona zopanda polirira. Sindinaone bokosi, sindinakhale pamphasa ndi azimayi, palibe anandigwira dzanja. Munthu anangochotsedwa pakati pathu Lachitatu wamba, ndipo chiyambire pamenepo sindikhulupirira malo alionse amene ndakhala kapena munthu aliyense amene wandikonda. Iye ankadzilanga, ine ndinkasamuka, ndipo tonse awiri tinkaganiza kuti wodwala ndi mnzakeyo.

"Mawa tipita ku Chiuta," ndinatero. "Undinyamule iweyo."

Mlamu wanga, amene anamva zonse ali pakhonde, anaimirira. Anangouza ana kuti akasewere, iye n'kulowa kukatenthetsa madzi otsukira chilonda. M'mawa mwake tikunyamuka anandigwira mkono kuseri kwa nkhokwe. "Zaka zonsezi ndimadziwa kuti apongozi anga aamuna anathawira ku Mozambiki," anatero. "Anandiuza choncho tikufunsirana. Ndinkachita manyazi kukufunsani." Apa ndinadziwa kuti ana a pakhonde aja nawonso auzidwa kale kuti agogo awo anali munthu wothawa ana.

Anandinyamula mwaulemu wake wonse wa pakabaza. Pamchenga ankatsitsa miyendo, pamabampu ankandichenjeza, mbuzi ankaziimbira belu ngati alendo. Kufatsa kumeneko kunandinyong'onya mpaka ndinamuuza kuti tifika mawa. Njira yonse sitinalankhulane china, aliyense anali ndi mlandu wake m'mutu. Ine ndinkaopa kuti tikapeza doko lasintha, anthu akale onse anatha, ndiye mawu anga akhala opanda mboni. Iye sindikudziwa ankaopa chiyani, koma khosi lake linali louma ngati la munthu wopita kukhoti.

Doko tinalimva ndi mphuno tisanalione: utsi wa milamba yowamba, matemba oyanika pamathandala, matope a m'mabango. Anthu ankakuwizana m'Chiyao ndi m'Chichewa, mabwato akulowa ndi kutuluka m'tinjira ta m'bango. Ndinkakumbuka munthu mmodzi yekha, mnzawo wa bambo wopalasa naye bwato, Myao wamtali wopanda chala chimodzi cha kudzanja lamanja, amene ankabwera kwathu nthawi zina n'kumakana nyama yathu mwaulemu. Dzina lake ndinali nditaiwala, ndiye ndinafunsa za chalacho. Anatilozera ku kanyumba ka tiyi. Anali moyo, atakalamba, makutu atagontha, kofiya ili pamutu, akukangana ndi mwini tiyi kuti shuga wachepa.

Nditatchula dzina la bambo anatiyang'ana nthawi yaitali, kenaka analoza mchimwene wanga. "Uyu ndi wake. Mphuno yomweyo, nkhope yokwiya yomweyo. Mwachedwatu ana inu."

"Akuti anafera kuno," anatero mchimwene wanga chapansipansi. "N'zoona?"

"Ati?"

Anabwereza. Mkuluyo anaika dzanja kukhutu. Ndiye mchimwene wanga anachita kukuwa, anthu onse akumwa tiyi akumva, funso limene anakhala nalo chiyambire ali mwana osalifunsa munthu.

"Ababa anga! Anafera kuno kapena kutsidya?"

"Kutsidya kukatani? Chaka chimenecho sitinawoloke n'komwe, matenda anali ponseponse. Anayamba kutsegula m'mimba m'mawa tikuonjola ukonde. Pofika mawa lake anali atapita."

"Atapita kuti, bambo?" ndinalowerera ine, nanenso mokuwa. "Nenani bwinobwino."

Mkuluyo anandiyang'ana ngati mutu wanga sukuyenda. "Atafa, mama. Anafa. Ndinamunyamula ndi manja angawa, ine ndi azaumoyo ovala mapulasitiki."

Anamaliza tiyi wake osafulumira, kenaka anatitsogolera kuseri kwa doko, kudutsa minda ya chinangwa, mpaka pa kamtunda kamene madzi safikapo. Panalibe mtanda, panalibe mwala. Panali udzu, chulu ndi mtengo wa mgwalangwa.

"Tinaika anthu angapo mwezi umenewo," anatero. "Wanu ali penapake pakati pa chulu ichi ndi mgwalangwa uwo. Kuti ndiloze penipeni, ndinama."

Dzuwa linali paliwombo, ndipo kuchokera pamenepo mapiri a ku Mozambiki ankaoneka bwinobwino kuseri kwa madzi. Mchimwene wanga ankayang'ana mapiriwo, n'kuyang'ana udzu, n'kuyang'ananso mapiri. Anayenda kuchoka pachulu kufika pamgwalangwa akutsimphina, n'kubwerera, n'kupitanso, ngati munthu wataya kiyi. Kenaka anaima pafupi ndi khutu la mkuluyo.

"Ananenapo za ine?"

Ndinamupempha mkuluyo ndi maso kuti aname. Sanandione, kapena anandiona n'kukana.

"Kolera sapatsa munthu mpata wolankhula, mwana iwe. Ankangopempha madzi." Anakanda ndevu zake. "Koma asanadwale anatisokosa mokwanira. Nsomba zikangouma ndikwere njinga ndikabandire chimanga changa, nsomba zikangouma ndikabandire chimanga changa. Ngati munda ali nawo ndi iye yekha."

Mchimwene wanga sanalire. Amene analira ndine. Sindikudziwa zinachokera kuti. Ndinangopezeka ndakhala pansi paudzu, nsapato zili uko, ndikulira mokweza ngati uthenga wangofika kumene. Azimayi amene ankakumba chinangwa m'minda ija anasiya makasu, anabwera, anakhala pansi mondizungulira osafunsa kuti wamwalira ndani kapena liti. Wina anandigwira phewa, wina anayamba kulira nawo zake. Ndinalira mpaka mutu kuwawa, ndipo kunena zoona ndinamva kukoma. Nditadzutsa maso ndinaona mchimwene wanga ali chiimire pomwe paja, manja ali m'thumba, nkhope yosaonetsa kanthu. Zimenezo zinandiopsa kuposa akanagwa pansi n'kudzigudubuza.

Pobwerera padoko tinapeza kalole konyamula nsomba kakukonzeka kupita ku Liwonde. Linali Lamulungu, ndipo Lolemba m'mawa ndinkayenera kukhala m'kalasi.

"Kwerani, achemwali," anatero. "Mukadzera kumudzi simupeza minibasi yabwino. Ine ndibwerera ndekha."

Mutu unali usanabwerere m'malo mwake ndi kulira kuja, ndiye ndinakwera. Ndinali nditakhala kale pamwamba pa matumba a matemba pamene mawu omaliza aja anandifika. Ndekha. Njinga yopanda kasitomala, msewu wa mchenga uja, ndi munthu amene wangomva kumene kuti chilango chonse chimene wakhala akudzipatsa chinali cha mlandu woti kulibe. Munthu wotero amapepukidwa kapena amapenga, ndipo nkhope yake sinandiuze kuti ndi ziti. Ndinamuitana, koma anali ataliza kale injini. Ndinamuona akudutsa mathandala, akudutsa kanyumba ka tiyi, akulunjika pamene msewu umalowa mumchenga n'kuwongoka. Ndinkadikira kulira kuja kumene mudzi wonse umakudziwa. Ndinagwira chingwe cha matumba mpaka chinandicheka m'manja.

Injini inazima.

Anakhala panjingapo kanthawi, mutu uli pansi. Dalaivala wathu anali atalowa kale m'galimoto. Kenaka ndinamuona akutsika, akutembenuza njinga, akubwera akuikankha, mwendo wovulala uja ukukokeka mumchenga.

"Yawonongeka?" ndinakuwa.

"Iyayi."

Anaimika njinga pafupi ndi tayala la lole n'kundionetsa manja ake. Ankanjenjemera ngati a munthu wa malungo.

"Achemwali, ndikuopa."

"Ukuopa chiyani?"

"Msewu. Ndikagwa ndifa." Ananena modabwa, ngati wina wangomunong'oneza kumene. "Ndikafa ana aja atsala okha. Tsikani, chonde. Ndekha sindifika."

Chibadwire ndinali ndisanamvepo mawu okoma ngati amenewo kuchokera pakamwa pake. Ndinatsika. Dalaivala anandinyoza kuti ndamuchedwetsa, ndipo ine amene sindisiya mawu pansi sindinamuyankhe. Za kusukulu ndinati ndiziona Lachiwiri. Tinakhala pamthunzi wa thandala mpaka manja ake atakhazikikako, mkulu uja akutiyang'ana ali pakhomo pa kanyumba ka tiyi. Kenaka analiza njinga, ndinakwera, ndinamugwira m'chiuno, ndipo njira yonse mpaka ku Nselema ndinkamva mtima wake ukugunda mwamphamvu.